Ululu Si Mwambo: Ogonetsa Odwala Apitirize Kuphunzira

Pali kachizolowezi kena kamene kazika mizu m'maofesi athu, ndipo ngati sitikazula lero kadzatilaka mawa. Ndalama zikachepa, akuluakulu n'kukhala pansi kuti aone choti adule, cholembera chimathamangira pa mzere umodzimodzi chaka ndi chaka, mzere wa maphunziro oonjezera a anthu ogwira ntchito m'zipatala. Mafuta a galimoto ya bwana sakhudzidwa. Msonkhano wa kunyanja sukhudzidwa. Koma kosi ya masiku atatu ya munthu amene amabaya jakisoni pamsana pa mayi woyembekezera, imeneyo akuti ingathe kudikira, poti mwini wakeyo anaphunzira kale ndipo satifiketi ali nayo. Ine ndikuti mawu amenewa ndi aulesi. Ndikutinso amene amalipira mtengo wa ulesi umenewu ndi anthu amene sapezeka pa msonkhano wa bajeti: mayi wa ku Nsanje amene mwana wakanika kutuluka, mnyamata wa kabaza amene wathyoka ntchafu pa mseu wa M1, ndi gogo wodwala khansa amene akubuula usiku wonse m'nyumba ya udzu.

Ambiri a ife tikamva za opaleshoni timaganiza za dotolo wogwira mpeni. Timaiwala munthu wina amene amaima kumutu kwa wodwala, amene m'zipatala amangomutchula kuti wogonetsa. Dzina limeneli nalonso likusocheretsa, pakuti ntchito yake yambiri masiku ano sikhala yogonetsa ayi. Mayi akamapita kufiyeta kukachitidwa opaleshoni yochotsa mwana, kawirikawiri amakhala ali maso. Wogonetsa amamukhazika, kumuweramitsa, n'kulowetsa singano yopyapyala kumunsi kwa msana, pakati pa mafupa awiri, mpaka ifike m'madzi amene amazungulira mitsempha. Amathiramo mankhwala otchedwa bupivacaine, osakwana ndi theka lomwe la supuni ya tiyi. Pakangotha mphindi zochepa thupi lonse kuyambira m'chifuwa kutsika limachita dzanzi, ndipo limakhala choncho maola awiri kapena atatu. Mayi amapuma yekha, amayankhula, ndipo kulira koyamba kwa mwana wake amakumva ndi makutu ake. Luso lomweli lili ndi nthambi zina. Mankhwala akathiridwa pafupi ndi mitsempha ya m'khwapa, mkono wokha ndiwo umachita dzanzi; akathiridwa m'mphechepeche, ululu wa ntchafu yothyoka umazizira.

Njira imeneyi ndi yoyenera dziko lathu kuposa mmene ambiri amaganizira. Siifuna makina aakulu opumira. Siidya mpweya wa okosijeni wambiri, ndipo Januwale wa 2021 tonse tikumukumbukira, pamene mliri wa COVID-19 unatiphunzitsa mtengo wa silinda imodzi ya mpweya. Wodwala sachedwa kudya, sachedwa kuyamwitsa, ndipo ngozi yoti masanzi alowe m'mapapo imachepa. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Jakisoni yemweyu amafooketsa mitsempha ya magazi, kotero kuti kuthamanga kwa magazi kumatha kutsika mwadzidzidzi. Mankhwala akakwera kupitirira pamene afunika, wodwala amalephera kupuma. Kwa mayi amene wataya kale magazi ambiri, kapena amene chiberekero chang'ambika, jakisoni wa pamsana angathe kukhala imfa yeniyeni. Choncho wogonetsa ayenera kudziwa woti amubaye ndi woti asamubaye, ayenera kukhala ndi ephedrine kapena phenylephrine wokoka kale m'sirinji, ndipo zikavuta ayenera kugoneka wodwalayo ndi kumulowetsa chubu chopumira m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Manja amene sachita zimenezi kawirikawiri amaiwala. Khasu ngakhale lachitsulo chabwino, likakhalitsa pakhonde limachita dzimbiri.

Amene akuti munthu anaphunzira kale ndiwafunse: anaphunzira chaka chiti? Nzeru za ntchito imeneyi sizinaime malo amodzi chiyambire. M'chaka cha 1884 Carl Koller wa ku Vienna anaonetsa kuti cocaine amachititsa dzanzi diso. M'chaka cha 1898 August Bier wa ku Kiel anabaya jakisoni wa pamsana, ndipo iye mwini atayesedwa njirayo anadwala mutu woopsa masiku angapo. Mutu umenewu, umene umabwera madzi a mumsana akamadontha pa bowo la singano, unazunza odwala zaka zambiri mpaka akatswiri anapeza kuti singano yopyapyala, ya nsonga yonga ya pensulo, imauchepetsa kwambiri. Lidocaine anapangidwa ku Sweden mu 1943, bupivacaine anadza pambuyo pake. Mu 1979 dotolo wina wa ku America, George Albright, anachenjeza kuti bupivacaine akalowa molakwika mu mtsempha wa magazi amaimitsa mtima, ndipo mtima wotero umavuta kuudzutsa. Kwa zaka zambiri panalibe mankhwala ake. Mu 1998 Guy Weinberg anaonetsa pa makoswe kuti mafuta ena oyera ngati mkaka, amene amaperekedwa m'dilipi, amachotsa mphamvu ya poizoniyo, ndipo mu 2006 kunalembedwa za munthu woyamba kupulumutsidwa nawo. Tsono taganizani za wogonetsa amene anatsiriza sukulu mu 1995, wakhama, wosaphonya tsiku la ntchito. Zimenezi sanaziphunzire, osati chifukwa cha ulesi wake, koma chifukwa pa nthawiyo kunalibe munthu pa dziko lonse lapansi amene akanamuphunzitsa. Kodi tikamukaniza kosi lero, mlandu ukhala wa yani?

Chimodzimodzinso makina a sikani, omwe aja amaunikira amayi oyembekezera. Kale wogonetsa ankafuna mtsempha mongopapasa, kudalira mafupa ndi kugunda kwa magazi. Kuyambira 1994, pamene madotolo a ku Vienna analemba za kuchititsa dzanzi mkono akuyang'ana pa sikani, luso limeneli lafalikira dziko lonse lapansi. Munthu amaona mtsempha, amaona nsonga ya singano, amaona mankhwala akuzungulira mtsemphawo, ndipo amagwiritsa ntchito mankhwala ochepa. Lero kuli timakina ting'onoting'ono tolumikiza ku foni ya m'manja. Koma kugula makina n'kwapafupi. Chovuta n'kuphunzitsa diso ndi dzanja kuti ziyendere pamodzi. Makina opatsidwa ngati mphatso, pa mwambo wa zithunzi ndi kuomba m'manja, n'kukatsekeredwa m'sitolo chifukwa palibe anaphunzira kuwagwira, amenewo ndi manyazi a tonsefe.

Wina angati izi ndi nkhani za ku Ulaya. Ayi ndithu, umboni waukulu unachokera kuno kwathu. Mu 2003 magazini ya madotolo ya British Medical Journal inasindikiza kafukufuku wa Paul Fenton, Christopher Whitty ndi Felicity Reynolds. Fenton anagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunayamba sukulu yophunzitsa ma clinical officer ntchito yogonetsa. Kafukufukuyu anatsata maopaleshoni 8,070 ochotsa ana m'zipatala 25 za m'dziko muno, ndipo amene ankalemba zonse anali ogonetsa athu omwe. Amayi 85 anamwalira. Ofufuzawo anapeza kuti pamene wogonetsa anali wa maphunziro ochepa, ngozi ya imfa ya mayi inali pafupifupi katatu. Anapezanso kuti amayi amene anagonekedwa thupi lonse ankamwalira kwambiri kuposa amene anabayidwa pamsana, ngakhale n'zoona kuti odwalitsa ndiwo kawirikawiri amagonekedwa thupi lonse. Werenganinso mawu amenewo, inu amene mumagwira cholembera cha bajeti: maphunziro ochepa, imfa katatu. Papita zaka zoposa 20 chisindikizireni zimenezi. Palibe amene anganene kuti sanauzidwe.

M'kafukufuku yemweyo muli chinthu china chimene chiyenera kutisowetsa tulo. Mwa amayi 85 aja, 65 sanafere kufiyeta. Anamwalira m'mawodi, opaleshoni itatha kale. Kafukufuku wina wamkulu, African Surgical Outcomes Study, wochitika m'maiko 25 a mu Africa ndi kusindikizidwa mu 2018, anapeza zofanana: odwala athu, ngakhale ali achichepere ndi amphamvu kuposa a maiko olemera, amamwalira kawiri kuposa anzawo pambuyo pa opaleshoni, ndipo ambiri amamwalira m'masiku otsatira. Mu 2019 gulu lomwelo linalengeza kuti mayi wochitidwa opaleshoni yochotsa mwana mu Africa ali pa ngozi ya imfa pafupifupi ka 50 kuposa mnzake wa m'maiko olemera. Tanthauzo lake n'lakuti kuphunzitsa wogonetsa yekha sikokwanira. Namwino wa usiku, amene ali yekha ndi wodi yodzaza, ayenera kudziwa kuti dzanzi la jakisoni wa pamsana limatha nthawi yanji, kuti mayi amene miyendo ikukanabe kusuntha patapita maola ambiri ayenera kuonedwa msanga, ndi kuti wodwala amene wangoti zii osadandaula nthawi zina ndiye amene akutaya magazi m'mimba. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wodi ya amayi ndi denga lolemera.

Tsopano ndifike pa gulu lachiwiri limene ndili nalo mawu, ndipo ambiri a gulu limeneli ndife tomwe. Tinaleredwa kuti mwamuna salira, ndipo mkazi wobuula pobereka amachititsa manyazi amene anamulangiza. Kupirira ndi khalidwe labwino, ndipo makolo athu sanalakwe kutiphunzitsa, pakuti pa nthawi yawo chothetsera ululu chinali chochepa. Koma kusandutsa kupirira kukhala lamulo la chipatala, pamene mankhwala ali m'kabati, kumeneko ndi nkhanza. Ululu wosathandizidwa umawononga thupi. Munthu wong'ambidwa pamimba akamamva kuwawa amaopa kutsokomola, makhololo amakhazikika m'chifuwa, chibayo n'kumugwira. Amaopa kudzuka ndi kuyenda, magazi n'kuundana m'miyendo. Mayi wa ululu sakhala bwino poyamwitsa. Wodwala wotere amakhalitsa pa bedi limene wina akulidikira atagona pansi. Ngakhale munthu wouma mtima, amene amangowerenga makwacha, ayenera kuona kuti kuthetsa ululu kumapulumutsa ndalama za Boma.

Taonani wothyoka fupa la ntchafu, amene masiku ano achuluka chifukwa cha njinga zamoto. Amanyamulidwa pa lole kapena pa ambulansi mtunda wautali mseu wa mabampu, fupa likukhulana. Jakisoni mmodzi wa m'mphechepeche, wobayidwa ndi munthu wophunzitsidwa, akanamupumitsa maola angapo. Mankhwala ake ndi omwe aja ali kale kufiyeta. Chosowa ndi maphunziro basi.

Za morphine ndiye n'zomvetsa chisoni koposa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, linafalitsa mu 1986 njira yapafupi yothetsera ululu wa khansa: kuyamba ndi mankhwala ofatsa monga panado, kukwera pang'onopang'ono mpaka morphine ngati ululu ukukana, kumwa pakamwa, ndiponso kumwa pa nthawi yoikika osadikira kuti ululu ubwerere. Morphine ndi mankhwala akale ndiponso otsika mtengo. Komabe mu 2017 akatswiri osankhidwa ndi magazini ya The Lancet anapeza kuti theka la anthu a pa dziko lapansi, osaukawo, amalandira osakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a mankhwala amtunduwu. Chimodzi cha zifukwa zake ndi mantha a ogwira ntchito m'chipatala, amene anaphunzitsidwa kale kuti morphine amasokoneza bongo ndipo amapha. Mantha amenewa samachoka ndi kalata yozungulira ya ku likulu. Amachoka munthu akaphunzitsidwa mlingo wake, akaona ndi maso ake wodwala akumwetulira patatha sabata zosagona, akadziwa kuti kudzimbidwa kumene mankhwalawa amabweretsa kumafuna mankhwala ofewetsa m'mimba kuyambira tsiku loyamba. Anzathu a ku Uganda, kumene Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, anasintha lamulo mu 2004 kuti anamwino ndi ma clinical officer ophunzitsidwa mwapadera azilemba morphine. Kunonso tili ndi pophunzirira: Tiyanjane pa Queen Elizabeth, Ndi Moyo ku Salima, ndi bungwe la PACAM. Dziko limene khansa ya khomo la chiberekero ili pakati pa zochuluka kwambiri pa dziko lonse siliyenera kukhala ndi wodi ngakhale imodzi imene namwino wake amaopa botolo la morphine.

Ndikudziwa chimene ena ayankhe. Adzati yankho lenileni n'kuphunzitsa madotolo akuluakulu a ntchitoyi ku yunivesite ya KUHeS, osati kutaya ndalama pa timakosi. Madotolo amenewo tikuwafunadi, ndipo aphunzitsidwe ambiri. Koma tiwerengere pamodzi. Chitaganya cha mabungwe a madotolo ogonetsa pa dziko lonse, WFSA, chinati dziko lifunika madotolo otere osachepera 5 pa anthu 100,000 alionse. Kalembera wa 2018 anatipeza tili oposa 17.5 miliyoni, ndiye kuti pa nthawiyo tinkafunika madotolo oposa 870. Sitinayandikire chiwerengero chimenecho ngakhale pang'ono, ndipo dotolo mmodzi amatenga zaka zoposa khumi kuti apsye. Pakali pano ku Chitipa, ku Ntchisi, ku Mwanza, ndi m'zipatala za mishoni monga Nkhoma ndi Ekwendeni, mtolo waukulu uli pa mapewa a ma clinical officer. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mayi amene matenda amuyamba usiku uno sangadikire dotolo amene lero ali ku sekondale.

Gulu lachitatu ndilo loipa kuposa onse, chifukwa limavomereza maphunziro ndi pakamwa pamene likuwadya ndi m'mimba. Awa ndi aja asandutsa kosi kukhala munda wa alawansi. Kalata ikabwera yoitana anthu awiri, amapita ndi a mu ofesi, amene singano ya pamsana sanaigwirepo, pamene mwini ntchito watsala kufiyeta poti palibe womulowa m'malo. Ena amasaina m'mawa, masana ali kumsika wa nsomba. Bungwe la Medical Council of Malawi limafuna kuti munthu aonetse mapointi a maphunziro oonjezera asanakonzenso chiphaso chake, ndipo bungwe la anamwino ndi azamba limafunanso chimodzimodzi. Lamulo limeneli ndi labwino. Koma pointi yopezedwa pogona pa mpando wa hotela siidzutsa mtima wa munthu. Kosi ya ntchito ya manja imayesedwa ndi manja: munthu aonetse pa chidole kuti angathe kulowetsa chubu chopumira, abaye mitsempha pamaso pa mphunzitsi kangapo, alembe m'buku lake odwala amene wawathandiza, ndipo patapita miyezi mphunzitsi amutsatire ku boma kwake kukaona ngati zikuchitikadi.

Makosi otere alipo kale, sitifunika kuwapeka. Kosi ya SAFE Obstetrics, imene inayamba ku Uganda mu 2011, ndi ya masiku atatu ndipo inakonzedwera ogonetsa a m'zipatala zonga zathu. Kosi ya Essential Pain Management, imene inayesedwa koyamba ku Papua New Guinea mu 2010, imatha tsiku limodzi, ndipo imaphunzitsa zinthu zitatu zokha: kuzindikira ululu, kuuyeza ndi kuuthetsa. Ubwino wa makosi amenewa n'ngwakuti amaphunzitsanso aphunzitsi a m'dziko momwemo, kuti alendo akapita ntchito isaime. Bungwe la Lifebox, kuyambira 2011, lakhala likugawa timakina toika pachala toyezera mpweya m'magazi, ndipo limaphatikizapo maphunziro, podziwa kuti kamakina kolira pamaso pa munthu wosadziwa tanthauzo la kulirako n'kopanda ntchito. Komatu sitingasiye zonse m'manja mwa abwenzi akunja. Mu 2015 msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana kuti opaleshoni ndi ntchito yogonetsa ndi mbali ya chithandizo chimene munthu aliyense ayenera kulandira. Chimene chili choyenera aliyense chiyenera kukhala ndi mzere wakewake m'bajeti ya Boma ndi ya khonsolo.

Inu atsogoleri a m'madera ndi m'nthambi, nanunso muli ndi gawo. M'midzi mukumveka manong'onong'o akuti jakisoni wa pamsana amapha miyendo, kapena amasiya msana ukuwawa moyo wonse, ndipo amayi ena amachedwa kunyumba kapena kukana opaleshoni chifukwa cha mantha amenewa. Kulumala chifukwa cha jakisoniyu kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri, ndipo msana umawawa amayi ambiri akabereka, obayidwa ndi osabayidwa omwe. Nenani zimenezi pa misonkhano yanu. Uzani anthu kuti wodwala akamva kuwawa anene, asachite manyazi, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Inu amene mumakhala m'makomiti a zipatala, musamangofunsa za utoto wa makoma ndi nyemba za kukhitchini. Funsani kuti ogonetsa alipo angati, womaliza kupita ku kosi anapita liti, amene analowa m'malo mwake anali ndani, ndiponso ngati singano zopyapyala, bupivacaine, ephedrine ndi morphine wakumwa zilipo m'sitolo lero lino.

Kwa anzanga a m'Boma amene mumakonza ndondomeko, pempho langa n'lachindunji. Aphunzitsi a m'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu apatsidwe galimoto ndi mafuta kuti azipita okha m'maboma kukaphunzitsira kufiyeta komweko, pa odwala enieni ndi zipangizo zomwe zilipo. Wogonetsa amene ali yekha pa chipatala atumiziridwe womulowa m'malo sabata imene akupita kukaphunzira. Maina a opita ku kosi azichokera m'buku la kufiyeta, osati m'buku la mu ofesi. Ndipo chaka chikubwerachi, pamene mudzakhalenso pansi kuti muone choti mudule, yambani mwadula msonkhano umodzi wa kunyanja, ndalama zake mupereke kwa anamwino a usiku a m'wodi ya amayi kuti aphunzire tsiku limodzi za kuyeza ndi kuthetsa ululu.